Kuikira laputopu sikirini yabwino: zimatheka, koma waya ndiye amagamula

Anthu ambiri akafuna kuti laputopu yawo iziyenda bwino amaganiza za zinthu ziwiri: kuwonjezera RAM, ndi kuchotsa hard disk n'kuikamo SSD. Zonsezi zimathandizadi. Koma pali chinthu china chimene maso anu amakhala nacho kuyambira pamene mwatsegula laputopu mpaka pamene mwaitseka, ndipo ndi ochepa amene amadziwa kuti nachonso chimasinthika. Chinthucho ndi sikirini.

Sindikunena zochotsa sikirini yosweka n'kuikapo ina yofanana nayo. Imeneyo ndi ntchito imene amisiri amagwira tsiku ndi tsiku. Ndikunena zochotsa sikirini yamoyo ndithu, koma yotuwa, yofooka kuwala, yotopetsa maso, n'kuikapo ina yoiposa. Pa malaputopu ambiri zimenezi zimatheka, ndipo kwa ine palibenso kusintha kwina kumene munthu amakuona msanga ngati kumeneku. Komabe ntchitoyi imalakwika kawirikawiri, ndipo sikuti imalakwikira pa sikuludiraiva. Imalakwikira pogula, munthu asanamasule n'komwe sikuluwu yoyamba.

Tiyambe ndi chifukwa chake khomo limeneli lilipo. Makampani amene dzina lawo lili pachivundikiro cha laputopu, monga HP, Dell, Lenovo, Acer ndi Asus, sapanga okha masikirini. Amagula kwa makampani ochepa chabe: AU Optronics ndi Innolux a ku Taiwan, BOE ya ku China, LG Display ndi Samsung Display a ku South Korea, komanso Sharp ya ku Japan. Masikiriniwa amapangidwa mochuluka pa miyeso yofanana, ya mainchi 13.3, 14, 15.6 kapena 17.3, kuti aliyense wopanga malaputopu athe kugula kulikonse kumene kwamukomera. Ndiye zimachitika kuti laputopu ya mtundu umodzi imagulitsidwa ndi masikirini awiri kapena atatu osiyana: ina yotsika, ina yapakati, ina yapamwamba, chigoba chake chili chimodzimodzi. Wogula amayang'ana pulosesa ndi RAM chifukwa ndi zimene zimalembedwa m'zilembo zazikulu. Za sikirini amangoona mainchi. Opanga amadziwa zimenezi, ndipo akafuna kuchepetsa mtengo, sikirini ndi imodzi mwa malo oyamba kumene amabudula. Kubudula kumeneku n'kowawa, koma kufanana kwa miyeso komweko ndi kumene kumatipatsa mpata wokonza zinthu.

Kodi "yabwino" ikutanthauza chiyani?

Masikirini ochuluka a malaputopu ndi a LCD. Kumbuyo kwake kuli kuwala kochokera ku timagetsi ta LED tondandalikidwa m'mphepete. Kutsogolo kuli timagalasi tiwiri topyapyala, ndipo pakati pake pali zinthu zamadzimadzi zimene zimapotoka zikalandira magetsi, n'kulola kuwala kudutsa kapena kukutsekereza. Chithunzi chonse chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiseli, ndipo kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Kusiyana kwa sikirini yabwino ndi yoipa kumachokera pa mmene zonsezi zapangidwira.

Kusiyana kwakukulu koposa kuli pakati pa magulu awiri a LCD otchedwa TN ndi IPS. Sikirini ya TN ndi yotsika mtengo, ndipo mungaizindikire popanda chida chilichonse. Weramitsani chivundikiro pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo. Ngati mitundu ikutembenuka, choyera n'kutuwa, nkhope ya munthu pachithunzi n'kuda, ndiye kuti ndi TN. Eni malaputopu otere amazolowera kumangosunthasuntha chivundikiro kufuna pamene pakuoneka bwino, ndipo ngakhale apapeze, kumwamba kwa sikirini ndi kumunsi kwake sikufanana. Anthu awiri akakhala limodzi kuonera chinthu, mmodzi amaona zosiyana ndi mnzake. IPS, imene kampani ya Hitachi inayamba kugulitsa mu 1996, inathetsa vuto limeneli: mitundu imakhala chimodzimodzi ngakhale muyang'ane chammbali. Makampani ena ali ndi mayina awoawo a luso lofanana ndi limeneli. AU Optronics imati AHVA, BOE imati ADS, Samsung imati PLS. Mukaona mayina amenewa musadabwe, ndi banja limodzi. IPS nayonso ili ndi chilema chake, chifukwa mu mdima chithunzi chakuda chimaoneka chowalirako m'makona. Koma munthu amene wachoka pa TN sangadandaule nazo.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa mapikiseli. Sikirini ya 1366×768, imene amaitcha HD, ili ndi mapikiseli 1,049,088. Ya 1920×1080, yotchedwa Full HD, ili ndi 2,073,600, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Pa sikirini ya mainchi 15.6, HD imaika mapikiseli pafupifupi 100 pa inchi, pamene Full HD imaika 141. Kusiyanaku kumaonekera kwambiri pa zilembo, zimene zimasalala m'mbali, ndiponso pa malo ogwirira ntchito. Mizere 768 yokha kuchokera kumwamba kufika kumunsi ndi yochepa kwambiri: mukatsegula Word kapena Excel, mabatani amadya gawo lalikulu, tsamba lenilenilo n'kutsala kampata.

Chachitatu ndi chimene ambiri amakodwa nacho, ndipo ndikufuna ndichedwepo. Si IPS iliyonse imene ili ndi mitundu yokwanira. Zithunzi za pa intaneti ndi mapulogalamu ambiri amatsata muyeso wa mitundu wotchedwa sRGB, umene HP ndi Microsoft anakhazikitsa mu 1996. Sikirini yabwino imayenera kuonetsa pafupifupi mitundu yonse ya mu muyeso umenewu. Koma ogulitsa amakonda kulemba muyeso wina wakale wa NTSC. Akalemba kuti 72% NTSC, sikiriniyo ili pafupi kukwanitsa sRGB yonse. Akalemba kuti 45% NTSC, ikuonetsa mitundu yosapitirira magawo awiri mwa atatu a sRGB. Pa sikirini yotereyi chofiira chimafwifwa n'kupendekera ku olenji, chobiriwira chimakhala chozizira, khungu la munthu limaoneka lodwala. Masikirini a "IPS Full HD" a 45% NTSC ndi ochuluka kwambiri pamsika chifukwa ndi amene amaikidwa m'malaputopu otsika mtengo. N'zoona kuti amaposa TN. Koma ngati mwalimba mtima kutsegula laputopu yanu, musagwire ntchito yonseyi n'kuthera pa theka la ubwino. Ntchito yoika sikirini ya 45% ndi yoika ya 72% ndi imodzimodzi, ndipo kwa wojambula zithunzi kapena wokonza mavidiyo kusiyanaku ndiye nkhani yonse.

Kuwala amakuyeza mu nits. Masikirini otsika amakhala pa 220 kapena 250, ndipo mukakhala pafupi ndi zenera masana mumavutika. Ya 300 imakwanira m'nyumba, ya 400 kupita m'mwamba ndi imene imalimbana ndi kuwala kwa dzuwa. Palinso kusankha pakati pa yonyezimira ndi yosanyezimira. Yonyezimira imakometsa mitundu koma imakuonetsani nkhope yanu ndi nyali za m'chipinda. Yosanyezimira imabalalitsa kuwala kobwera kunja, ndipo kwa wolemba kapena wowerenga maola ambiri ndi imene ndingasankhe. Za liwiro, kaya 60Hz, 120Hz kapena 144Hz, zimangotanthauza kuti chithunzi chimasinthidwa kangati pa sekondi. Osewera magemu amazifuna kwambiri. Ena onse angakhale bwinobwino ndi 60.

Waya

Tsopano tifike pamtima pa nkhani. Sikirini imalumikizidwa ku bolodi lalikulu la mkati, limene amisiri amati motherboard, ndi waya mmodzi wopyapyala wodutsa m'kati mwa hinji. Waya ameneyu amanyamula zinthu zitatu: chithunzi, magetsi ochepa oyendetsa ubongo wa sikirini amene nthawi zambiri amakhala mavoti 3.3, ndi magetsi ochulukirapo oyatsa timagetsi takumbuyo. Sikirini iliyonse imene mungaike iyenera kugwirizana ndi waya ameneyu komanso ndi bolodi limene iye akuchokera. Ikapanda kutero, kukongola kwake konse n'kopanda ntchito.

Pali zilankhulo ziwiri zimene bolodi ndi sikirini zimamvana nazo. Chakale ndi LVDS, chimene chinalamulira mpaka cha m'ma 2013. Chatsopano ndi eDP, chimene bungwe la VESA linatulutsa koyamba mu 2008 ndipo chinalanda malo pang'onopang'ono. Laputopu ya LVDS singayendetse sikirini ya eDP popanda kabolodi kapadera komasulira, ndipo masikirini abwino a IPS ambiri masiku ano ndi a eDP. Palinso malaputopu akale kwambiri, ambiri a 2010 isanafike, amene kuwala kwawo kumachokera ku kachubu ka CCFL koyendetsedwa ndi inveta. Amenewo ndi bwino kuwasiya mmene alili.

Mu eDP, chithunzi chimayenda m'tinjira timene amati lanes. Taganizirani msewu: wina uli ndi mzere umodzi wa magalimoto, wina iwiri, wina inayi. Katundu akachuluka pamafunika mizere yambiri. Sikirini ya 1366×768 imakwanira mzere umodzi. Full HD ya 60Hz kawirikawiri imafuna iwiri. Ya 4K, imene ili ndi mapikiseli 8,294,400, pamodzi ndi masikirini ambiri a 144Hz, imafuna inayi. Pulagi ya mapini 30 imatha kunyamula mizere iwiri. Kuti mizere ifike inayi pamafunika pulagi ya mapini 40.

Apa ndi pamene pali msampha umene wapweteka ambiri. Munthu amatsegula laputopu yake ya HD, amawerenga mapini n'kupeza 30, amagula Full HD ya mapini 30, pulagi imalowa bwinobwino. Akayatsa, sikirini imangowala koma chithunzi palibe, kapena pamabwera mizere ndi kuphethira. Chachitika n'chiyani? Pa malaputopu ena otsika mtengo, waya wa mtundu wa HD ali ndi tinthambo ta mzere umodzi wokha. Pulagi ili ndi malo a mizere iwiri, koma mzere wachiwiri sunalumikizidwe. Ngati bolodi lili nawo mzere wachiwiriwo, mankhwala ake ndi kugula waya wa mtundu wa Full HD wa laputopu yomweyo, ngakhale kuti kumuika kumafuna kumasula pansi ndi kumudutsa mu hinji. Ngati bolodi lenilenilo lilibe, njira yatsekeka.

Choncho funso loyamba si lakuti "kodi sikirini iyi ndi yabwino?" Funso loyamba ndi lakuti: kodi laputopu ya mtundu wanga weniweniwu inagulitsidwapo ndi sikirini yoposa iyi? Ngati inde, mwayi ndi waukulu, chifukwa bolodi linapangidwa moganizira zimenezo. Makampani monga Lenovo, Dell ndi HP amaika pa intaneti mabuku okonzera malaputopu awo ambiri, ndipo ena mwa mabukuwa amandandalika nambala za zipangizo. Mukapeza kuti waya wa HD ndi wa Full HD ali ndi nambala imodzi, ndiye kuti waya amene muli nayeyo ndi wokwanira. Mukapeza nambala ziwiri, dziwani kuti mugulanso waya.

Mapini 40 ndiye oopsa kuposa. Pulagi ya mapini 40 ingakhale ya LVDS, ingakhale ya eDP ya mizere inayi, ingakhalenso ya eDP ya mizere iwiri imene mapini otsalawo akunyamula za tachi, kutanthauza sikirini yoyendetsa poikhudza ndi chala. Zonse zitatuzi zimatha kuoneka zofanana, mwina n'kulowana, koma ntchito ya pini iliyonse ndi yosiyana. Magetsi ochuluka aja oyatsira kuwala akalowa pa pini yonyamula chithunzi, chinachake chimapsa, kaya sikirini yatsopanoyo kapena bolodi. Komanso mapulagi ena ali ndi mapini otalikirana mamilimita 0.5, ena 0.4, ndipo amenewa salowana n'komwe. Kuwerenga mapini kokha sikokwanira.

Kukwana m'chigoba

Mainchi 15.6 ndi muyeso wa malo oonetsa chithunzi kuchokera pakona kufika pakona inzake chopingasa. Sanena chilichonse za thupi lonse la sikirini. Pali ya mainchi 15.6 yotambalala pafupifupi mamilimita 360, palinso yamakono ya m'mphepete moonda yotambalala pafupifupi 350. Yakale imatha kunenepa kupitirira mamilimita 5, yoonda imakhala cha m'ma 3. Ina ili ndi timakutu tachitsulo kumwamba ndi kumunsi tomangira masikuluwu, ina ilibe ndipo imangomatidwa ndi tepi. Soketi ya waya imatha kukhala chakumanja kapena chakumanzere, ndipo waya wa laputopu alibe utali wotsala woti n'kumukokera kwina. Sikirini ya 16:10 (kuyerekeza kutambalala ndi kutalika kwake), monga 1920×1200, ndi yaitali kuposa ya 16:9 ndipo singalowe m'chigoba cha inzakeyo ngakhale mainchi atayandikana. Yaing'ono pang'ono mungaigwiritse ndi tepi yomata mbali zonse, bola chithunzi chikhale pakati pa felemu. Yaikulu kapena yonenepa musaikakamize. Ikapanikizika imaonetsa mawanga owala, kenako imang'aluka.

Nanga mungadziwe bwanji sikirini imene muli nayo? Pa Windows, tsegulani Device Manager, pitani pa Monitors, kenako Properties, Details, Hardware Ids. Zilembo zitatu zoyambirira zimaulula wopanga: AUO ndi AU Optronics, CMN ndi Innolux, LGD ndi LG Display, SHP ndi Sharp, SDC ndi Samsung Display, BOE ndi BOE basi. Pulogalamu ngati HWiNFO nthawi zambiri imaonetsa dzina la sikiriniyo. Koma umboni wosakayikitsa ndi sitika imene ili kumbuyo kwa sikirini yeniyeniyo, ndipo langizo langa ndi loti mutsegule, muione ndi maso, mujambule chithunzi cha sitikayo ndi cha soketi, mutseke, kenako ndiye muyambe kufunafuna yogula.

Nambala za pa sitika zimawerengeka mukazizolowera. Mu B156XTN, chilembo B ndi AU Optronics, 156 ndi mainchi 15.6, ndipo XTN ikuimira HD ya TN. Ya kampani yomweyo ya B156HAN ndi Full HD ya m'banja la IPS, koma B156HTN ndi Full HD ya TN. Taonani mmene chilembo chimodzi chikusinthira zinthu. Kwa BOE, NT156WHM ndi HD ya TN pamene NV156FHM ndi Full HD ya m'banja la IPS. Kwa LG, LP156WH ndi HD, LP156WF ndi Full HD. Kwa Innolux, N156BGA ndi HD, N156HCA ndi Full HD ya m'banja la IPS. Manambala ndi zilembo zotsatira pamenepo musazinyalanyaze, chifukwa ndi zimene zimasiyanitsa ya 45% ndi ya 72%, ya timakutu ndi yopanda timakutu, ya mapini 30 ndi ya 40. Mukakhala ndi nambala yonse, malo a pa intaneti monga Panelook amasonyeza miyeso ya sikirini iliyonse, ndipo mungaike yanu pambali pa imene mukufuna n'kuyerekeza mzere ndi mzere. Ndi ntchito yotopetsa, inde. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale mutasankha bwino, pali chizolowezi cha ogulitsa chimene muyenera kuchidziwa. Ambiri amalemba nambala ya sikirini inayake koma amatumiza "yogwirizana nayo", kutanthauza iliyonse imene ili ndi muyeso, pulagi ndi mapikiseli ofanana. Kwa wosintha sikirini yosweka zimenezi sizivuta. Kwa inu amene mukufuna kuwala kwa 400 ndi mitundu yokwanira, ndi tsoka, chifukwa mungalandire ya 250 ndi 45% yolowa bwinobwino m'chigoba. Funsani musanalipire ngati adzatumizedi nambala yeniyeniyo, ndipo ikafika werengani sitika musanachotse pepala loteteza galasi.

Chinanso chimene sichioneka ndi maso: sikirini iliyonse ili ndi kachikumbumtima kosunga uthenga wotchedwa EDID, umene umauza kompyuta dzina lake, mapikiseli ake ndi liwiro lake. N'chifukwa chake nthawi zambiri simufunika kuika pulogalamu iliyonse mukasintha, kompyuta imadzizindikirira yokha. Koma malaputopu ena amasankha. Akaona sikirini imene sakuidziwa, chithunzi chimabwera koma mabatani ochepetsa ndi kuwonjezera kuwala amaleka kugwira ntchito. Pa malaputopu otere chitetezo ndi kugula sikirini imene wopanga anaiikapo kale pa mtundu umenewo.

Zimene ndingakuletseni

OLED ndi yokongola kwambiri. Kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, palibe kuwala kwakumbuyo, choncho chakuda chimakhala chakuda bii. Koma pa chifukwa chomwechi imafuna magetsi osiyana ndi a LCD, ndipo kuwala kwake kumalamulidwa mwa njira ina. Laputopu imene sinapangidwire OLED kawirikawiri siingailandire, ngakhale pulagi itaoneka yofanana. Za 4K nazonso ndimaona kuti n'zosapindulitsa kwa ambiri. Kuwonjezera pa mizere inayi ija, imadya batire, imalemetsa chipangizo cham'kati chopanga chithunzi cha pa sikirini ndi mapikiseli owirikiza kanayi a Full HD, ndipo pa mainchi 14 kapena 15.6 muyenera kukulitsa zilembo kwambiri kuti muwerenge. Kusandutsa laputopu wamba kukhala ya tachi kumafuna waya wina, nthawi zina chivundikiro china, ndiponso bolodi lokhala ndi polumikizira pake. Malaputopu amene galasi lakutsogolo linamatidwa ku sikirini, monga ambiri opindika mpaka kumbuyo, amasinthidwa chivundikiro chonse. MacBook zamakono zili m'gulu lomweli: mbali yonse yakumwamba imabwera ili imodzi, ndipo palibe sikirini yoposa imene mungaikepo.

Alipo anthu olimbikira amene amadutsa malire amenewa. Okonda malaputopu akale a Lenovo otchedwa ThinkPad, monga T430 ndi X230 za mu 2012, akhala akuika Full HD ya IPS pogwiritsa ntchito timabolodi tapadera. Pa T430 kabolodiko kamamasulira LVDS kukhala eDP, pa X230 kamawotcheredwa pa bolodi lalikulu kuti katenge chithunzi kuchokera ku njira ya docking station, chipangizo chokhazikapo laputopu kuti ilumikizane ndi monita ndi zina. Ndimawasirira, koma imeneyo ndi ntchito ya munthu wodziwa kuwotcherera ndiponso wokonzeka kutaya laputopuyo zikavuta. Kumbali inayi kuli kampani ya Framework, imene inatulutsa laputopu yake yoyamba mu 2021 ndi cholinga choti mwini wake azisintha yekha zipangizo. Mu 2024 inatulutsa sikirini ya 2880×1920 ya 120Hz imene eni malaputopu ake akale a mainchi 13.5 angathe kugula n'kuikapo. Zikusonyeza kuti vuto lonseli si la sayansi, ndi la mmene opanga asankhira kupangira zinthu.

Kusintha kumene kumapindulitsa ambiri ndi kodzichepetsa: kuchoka pa HD ya TN kupita pa Full HD ya IPS ya mitundu yokwanira, kapena kuchoka pa Full HD yotuwa kupita pa Full HD yowala bwino. Kwachiwiriku ndiye kosavuta koposa, chifukwa waya ndi mizere yake sizisintha.

Tsiku loika

Lamulo limodzi ndi losakambirana: chotsani batire. Kuzimitsa laputopu sikokwanira. Pa malaputopu ambiri magetsi oyatsira kuwala amakhala akudikira pa waya ngakhale makina atazima. Pulagi ikalowa mokhota pang'ono, mapini awiri n'kugundana, kafyuzi kakang'ono ka pa bolodi kamapsa. Zotsatira zake ndi sikirini imene chithunzi chilipo koma simungachione pokhapokha mutawunika ndi tochi, ndipo kukonza kwake kumafuna mmisiri wowotcherera tinthu ting'onoting'ono. Zulani chaja. Ngati batire ndi lakunja, lichotseni. Ngati ndi lam'kati, tsegulani pansi muzule pulagi yake. Kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo china musanagwire zam'kati kuti magetsi a m'thupi asawononge kanthu.

Felemu ya pulasitiki yozungulira sikirini imagwidwa ndi timano, nthawi zina ndi guluu pang'ono kapena masikuluwu obisika pansi pa timalabala. Yambirani m'kati mwake ndi zala kapena kachida ka pulasitiki, muziyenda pang'onopang'ono. Kumunsi ndiye kofunika kusamala, chifukwa guluu amatha kugwira tepi yakuda yokuta kabolodi ka sikirini, ndipo mukakoka mwamphamvu mumang'amba zonse. Kumwamba kuli kamera ndi maikolofoni, m'mbali mumadutsa tinthambo ta Wi-Fi. Ngati sikirini ndi yomatidwa, funani timichira ta tepi m'makona, mutikoke motsetsereka, chogona, osati chokweza m'mwamba. Tepi yotereyi imatamuka n'kusiya yokha. Ikaduka pakati, musapanyule sikirini ndi chitsulo. Ifewetseni ndi kutentha pang'ono n'kulowetsa kakhadi kopyapyala ka pulasitiki.

Goneketsani sikirini chafufumimba pa kiyibodi mutayalapo kansalu. Matulani katepi kogwira pulagi, kwezani kachitsulo kokhoma ngati kalipo, kokani molunjika. Polowetsa pa yatsopano, pulagi ilowe mbali zonse ziwiri mofanana mpaka kumapeto, kenako bwezerani tepi. Musatseke felemu msanga. Lumikizani batire, yatsani, muone ngati chizindikiro cha kampani chikubwera. Yesani mabatani a kuwala. Tsegulani chithunzi choyera chokhachokha, kenako chakuda, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu, mukufufuza kadontho kakufa kapena kowala kosazima. Pendeketsani sikirini pang'ono muone ngati chithunzi chikuphethira, chizindikiro choti pulagi sinakhale bwino. Mukafuna kuikhudzanso pulagiyo, batire lichokenso kaye. Masikuluwu bwezerani aliyense pamalo pake, chifukwa yaitali ikalowa pa malo a yaifupi imaboola chivundikiro. Ndipo ngati laputopu ikadali pa waranti, werengani kaye malamulo ake, chifukwa chimene mwawononga nokha potsegula sichilipiridwa.

Mukayatsa koyamba pa Full HD, zilembo zingaoneke zazing'ono. Mu Display settings muli pokulitsira: 125% imakomera ambiri pa mainchi 15.6, ndipo 150% pa mainchi 14 kapena 13.3. Mapulogalamu ena akale amaoneka osalongosoka akakulitsidwa chonchi, koma ambiri amakono alibe vuto. Batire lingamathe msangako, makamaka mukamakweza kuwala mpaka pamapeto, ngakhale kuti masikirini ena amakono amadya magetsi ochepa kuposa akale amene akulowa m'malo mwawo. Magemu pa laputopu yofooka amayenda pang'onopang'ono pa Full HD kusiyana ndi pa HD, ndipo mungafunike kutsitsa mapikiseli m'kati mwa gemu.

Ngati mwafufuza n'kupeza kuti laputopu yanu ili m'gulu losatheka, kapena ngati nthawi zambiri imakhala pa tebulo limodzi, monita yakunja yolumikiza pa HDMI kapena pa USB-C yonyamula chithunzi ingakupatseni zonse zimene mumafuna popanda kumasula chilichonse. Kusintha sikirini yam'kati kumapindulitsa amene amayenda ndi laputopu yake.

Sikirini yakaleyo musaitaye. Ikutireni bwino pakati pa makatoni awiri olimba, chifukwa yatsopano ikavuta m'masabata oyambirira mudzaifuna. Zonse zikayenda bwino, pali timabolodi tokhala ndi HDMI timene timasandutsa sikirini ya laputopu kukhala monita yoima payokha. Timagulidwa potengera nambala yonse ya sikiriniyo, ndipo timafuna adaputa yakeyake ya magetsi, kawirikawiri ya mavoti 12.